Andipatsa u inchaji wa wodi koma ena mwa anzanga anayamba ntchito ndili ku pulayimale, nditani?

Nesi_wa_ku_Female:

Moni anamwino anzanga ndi azamba nonse muli muno. Ndabwera ndi nkhani yanga mundithandize maganizo chonde chifukwa masiku ano tulo sindikupeza.

Ndinamaliza digiri ku KCN (Kamuzu College of Nursing) chaka chomwe ankasintha kukhala yunivesite ya KUHeS, 2021, nditakhala pakhomo kanthawi kudikira ntchito anandilemba pa chipatala china cha boma kuno ku chigawo chapakati, dzina sinditchula. Mwezi watha a matron anandiitana ku ofesi n'kundiuza kuti asisita athu akupita ku sukulu ndiye kuyambira pa 1 inchaji wa female ward ndine. Nkhani yonse sinakwane mphindi 10, anandipatsa makiyi a kabati ya DDA yotsekeramo mankhwala oopsa, buku loodera zinthu ku famase ndi rosita yosamaliza, basi ndizipita. Za management tinaphunzira m'kalasi inde, mayeso tinakhoza, koma zija ndi zina izi ndi zina.

Mu wodi tilipo anamwino 8 kuphatikiza ine, mabedi ndi 36 koma dzinja malungo akavuta ena amagona pa matiresi pansi. Mwa anthu 8 amenewa 5 ndi ma NMT (Nurse Midwife Technician, anamwino azamba oti alibe digiri) ndipo awiri ndi amayi akuluakulu oti anayamba ntchito ine ndili sitandade 3. Mmodzi mwa iwo ndi amene anandiphunzitsa kupeza mtsempha pa wodwala woti madzi atha m'thupi, ndimawalemekeza ngati mayi anga enieni sindikunama.

Rosita yanga yoyamba mayi amenewa ndinawaika ma naiti 4 otsatizana ngati wina aliyense. Atayiona pa bolodi anandiyankhula pa station pomwepo magadiyani ali pakhomo akumva, akuti mwanawe rosita ya wodi ino sitilemba chonchi uzifunsa kaye. Ndinangoti zii manyazi atandigwira. Loweruka usiku sanabwere, anangotumiza meseji cha m'ma 5 koloko madzulo kuti kwawo kwagwa zovuta. Ndinaimbira aliyense palibe anavomera, ndiye ine amene ndinayamba 7:30 m'mawa ndinapitiriza mpaka kucha ndi mnzanga mmodzi, odwala 40 ndi kanthu, awiri ali pa oksijeni. Lolemba ndikumva kwa ma attendant kuti maliro kunalibe, mayiwo anali pa lokamu, ganyu ya shifiti yowonjezera yolipidwa padera, ku kiliniki ina ya pulaiveti mtauni.

Ndiye nditani anzanga, ndikawanene kwa a matron kapena ndiyambe ndayankhula nawo ndekha? Ndikawanena anthu aziti kamtsikana ka digiri kayamba kudzimva, ndikapanda kunena enawo aona kuti kujomba n'kololedwa. Nkhani ya lokamu ya mu wodi mwathu momwe ikundizunguzanso mutu, aliyense akufuna ndimuike chifukwa chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 salale sikufika pa 15, ndiye amene sindinamuike akuti ndikukondera. Amene munadutsamo ndiuzeni munkatani.


Matron_Wopuma:

Asisita, ndikuitanani choncho chifukwa ndi udindo umene mwasenza ndipo muyambe kuuzolowera. Ine ndinagwira ntchito zaka zoposa 30, ndinali inchaji nthawi ija cha kumayambiriro kwa ma 2000 anamwino akuthawira ku UK mwezi ndi mwezi, wodi yodzadza usiku kutsala ndi namwino mmodzi, mpaka boma linadzawonjezera 52% pa malipiro mu 2005 ndi thandizo la DFID ya boma la UK ndi Global Fund kuti anthu asamachoke. Nthawi yonseyo chimene ndinaona chikudanitsa anthu mu wodi kuposa china chilichonse ndi rosita. Magolovesi akatha anthu amadandaula limodzi, odwala akachuluka amatopa limodzi, koma rosita ikaoneka yokondera aliyense amayamba kudzisamala yekha.

Ndiye musamalembe rosita muli nokha kunyumba ayi. Gulani kope la hardcover muliike pa station, aliyense wofuna ofu tsiku lakuti, ukwati, chinkhoswe, sikelo ya mwana, mayeso, alembemo pasanafike pa 20, likadutsa tsikulo buku latsekedwa. Mukamalemba muziwerenga ma naiti a munthu aliyense, ma wikendi ndi ma holide, manambalawo muwalembe kumapeto kwa dzina lake pa rosita pomwepo kuti aliyense aziona ndi maso ake kuti uyu ma naiti 7 uyunso 7. Wina akachepera mwezi uno mwezi wa mawa abweza. Khirisimasi ndi nyuwere zigaweni mu Novembala, wogwira Khirisimasi apume nyuwere, ndipo chaka choyamba chino dzina lanu likhale pa tsiku limodzi mwa awiriwa, anthu amaona zimenezo ngakhale sanena. Lokamu chimodzimodzi, ndandanda wa maina pa khoma, muzitsatira mzere, wokana nthawi yake ikafika apite kumapeto. Mukatero munthu akabwera kudzadandaula simulimbana naye, mungomutengera pa khoma.

Tsopano za mayiwo. Yambani mwayankhula nawo nokha koma osati pa station, osatinso pa gulu la WhatsApp la wodi. Apempheni nthawi ya tiyi mukhale awiri chitseko chotseka. Musayambe ndi za lokamu munamva kwa ma attendant zija, zimenezo ndi zakumva ndipo mukayamba nazo nkhani isanduka yosaka amene waulula. Nenani zomwe mukuzidziwa inuyo, kuti Loweruka sanabwere, anadziwitsa mochedwa, inu munagwira usana ndi usiku, odwala awiri anali pa oksijeni. Kenako mufunse kuti mayi chikuvuta n'chiyani ndi ma naiti, n'kukhala chete mpaka amalize okha, musawadule pakamwa ngakhale atayamba kukwiya. Akamaliza muwauzenso mofatsa kuti zondidzudzula pamaso pa magadiyani zinandipweteka, mukaona ndalakwitsa mundiitanire pambali, inenso sindidzakuyankhulani pagulu. Mawu amenewo anenedwe ndithu, mukawameza adzabwereza.

Zomwe mwagwirizana mulembe mu kope lanu lanulanu, deti ndi mfundo zake. Ndipo a matron muwadziwitse mwachidule, osati kukasuma ayi, kungoti kunali vuto lakuti, ndakambirana nawo, tagwirizana chakuti. Ine ndili matron chinkandiwawa kwambiri ndi kumva nkhani ya miyezi itatu yapitayo tsiku loti wodwala wamwalira usiku popanda namwino. Akadzajombanso apo ndiye kalata, ndipo kalatayo sidzakhala yodzidzimutsa chifukwa munachenjezana kale.

China, makiyi a DDA aja musawatenge mopepuka. Pethidine ndi morphine muziwerenga anthu awiri pa handova iliyonse, wotuluka ndi wolowa, onse asaine m'buku. Ampulo imodzi ikasowa woyamba kufunsidwa ndinu, ndipo nkhani zotere zikakula zimakafika ku Nurses and Midwives Council komwe kuli laisensi yanu.


Mai_NMT_wa_kale:

Ine ndine wa mbali inayo ndiye ndiloleni ndinene zomwe zimatiwawa, mwina zikuthandizani kuwamvetsa mayi anuwo. Zojomba naiti sindikuikira kumbuyo ayi, analakwa, wodwala wa pa oksijeni sadziwa zoti ife takwiyirana ndi inchaji.

Koma taganizani mwana wanga. Ine ndinaphunzira pa koleji ya CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zaka zitatu, ndagwira ntchito zaka 19, giredi yangosuntha kamodzi. Kupita ku upgrading kumafuna fizi, kumafuna akuloleze, pomwe ana anga omwe akufuna fizi ku sekondale ndiye umangoti chaka cha mawa chaka cha mawa mpaka imvi. Pa zaka zimenezi ana a digiri amene ndawalandira mu wodi, kuwaonetsa posungira zinthu, kuwagwira dzanja poika kanyula, kuwaphunzitsa kuyankhula ndi gadiyani woti mayi ake angomwalira kumene, ndi ambiri, ndipo pakapita zaka ziwiri zitatu amakhala mabwana anga. Sindidana nawo, sukulu anapita ndipo zina amadziwa zoti ine sindidziwa. Chimene chimawawa ndi kudzuka m'mawa kupeza zonse zasinthidwa, rosita yatsopano, kabati yasunthidwa, popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti amayi inu mwakhalitsa muno, izi zinkayenda bwanji ndipo chifukwa chake chinali chiyani. Mawu aja anakuuzani oti uzifunsa kaye, ananena pamalo polakwika koma mawuwo pawokha ndi oona.

Ndiye za ma naiti 4 otsatizana. Pa zaka 27 thupi limalola, pa zaka 52 uli ndi BP, mwina shuga, kunyumba kuli adzukulu oti masana sungagone, naiti yachitatu umayamba kuona manambala a pa botolo awiriawiri. Sindikunena kuti muwachepetsere ayi, achinyamata adzadandaula ndipo adzakhala akulondola. Chiwerengero chikhale chomwecho koma muwadulire, awiri sabata ino awiri sabata inayo. Mwina asisita akale ankawachitira choncho ndipo palibe anakuuzani.

Chachiwiri ma wekishopu. Apa ndi pamene ma inchaji ambiri amagwera. Kalata ikabwera yoti munthu mmodzi apite ku training ku Mponela kapena ku Salima inchaji amangodzilemba yekha kapena mnzake wa pamtima, chaka chonse anthu omwewo, alawansi yawo, ma CPD points (mapointi a maphunziro a pa ntchito ofunika pa laisensi) awo, enafe tizitsala ndi odwala. Chitani mzere ngati wa lokamu uja anena a matron, ndipo wobwera ku training azifotokozera anzake zomwe waphunzira pa morning report.

Ndipo tipatseni chochita choti ndi chathu. Inchaji wina amene ndimamukumbukira mpaka lero anandiuza kuti amayi, ma student onse obwera mu wodi muno ndi anu, komanso inu mutsogolere WIT yathu, gulu lokonza kagwiridwe ka ntchito, pa za 5S zosunga wodi mwadongosolo ndi mwaukhondo. Ndinkafika 7 koloko isanakwane chifukwa ndinkadziwa kuti pali chinthu choti chikalakwika dzina ndi langa. Gadiyani akalusa, kapena a clinician akuchedwa kubwera usiku, ankandituma ine chifukwa akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, iye n'kumaonera mmene ndikuyankhulira. Mtsikana ameneyo ankavala apuloni kusambitsa odwala nafe limodzi wodi ikadzadza, sankabisala mu ofesi ndi mafomu, ndiye akatiuza kuti lero palibe kuweruka msanga palibe ankatsutsa.


Braz_wa_ku_Lakeshore:

Asisi ine ndisiyana pang'ono ndi amayi athu ayankhawa. Nkhani yokambilana pa awili ndiyabwino koma a matron anayenela kudziwa usiku omwewo wa loweluka, osati kudikila. Osati chifukwa chofuna kugwetsa munthu koma chifukwa inuyo simunayenele kugwila maola 24, apo ndi pomwe pali ngozi yaikulu mu nkhani yonseyi ndipo palibe waikamba. Munthu oti sanagone chiyambile mmawa 3 koloko usiku akuwelengetsa madontho a dilipi, akutunga insulin, mukanalakwitsa dozi bwenzi pano tikukamba zina ndipo palibe akanati koma anadzipeleka. Pa chipatala cha boma pamakhala wamkulu wa on call, muimbileni, iyeyo ali ndi mphamvu yochotsa munthu ku wodi ina kapena kuvomeleza lokamu ya mwadzidzidzi, inu mulibe.

Ine ndinaphunzila izi nthawi ya kolela ija inayambila ku Machinga mu Malichi 2022 nkupha anthu oposa 1,700 dziko lonse. Ndinali pa health centre ya mmbali mwa nyanja anamwino awili basi, tenti yodzadza, ndinkaona ngati kupempha thandizo ndi kufooka ndiye ndinagwila masiku angapo osagona bwino mpaka ndinadzagwa ndekha. Nditayamba kulemba lipoti tsiku ndi tsiku kupita kwa a DNO, mkulu wa anamwino pa boma, kuti odwala angati, Ringer's yatsala ingati, chlorine watha liti, anthu tilipo angati, mpomwe anatitumizila anthu. Akuluakulu samva kulila, amamva manambala olembedwa ndi deti. Ndiye zonse zosowa muzilemba ndikusunga kope, magolovesi atha deti yakuti ndinaoda deti yakuti, tsiku lina zidzateteza inu ndi anthu anu omwe.

Komanso chinthu chikalakwika mu wodi mutengele mmene timachitila ma audit a imfa za amayi oyembekezela ku MPDSR, osatchula dzina osaloza chala, kufunsa kuti chinavuta ndi chani osati analakwa ndani. Mukayamba kuloza zala anthu amayamba kubisa ndi kukonza ma chart.


Chemwali_ku_Leeds:

Ndawerenga zonse ndipo zandikumbutsa kwathu. Ine ndinagwira ku Malawi zaka 6 ndisanabwere kuno, pano ndili pa giredi ya Band 6 mu NHS, zipatala za boma kuno ku UK, ndiye kuti wachiwiri kwa ward manager amene amakhala Band 7. Kunonso zomwezo achemwali, ndinakwezedwa pamwamba pa anthu oti akhala mu wodi imeneyo zaka 20, kuwonjezera apo ndine wakuda wochokera kunja, miyezi yoyamba ena ankadutsa ine kukafunsa mzungu mnzawo wa Band 5 zinthu zoti woyankha ndine. Zinatha pang'onopang'ono ataona kuti ndikalonjeza kanthu ndimachita.

Zambiri za kuno sizingatheke kwathu, rosita ili pa kompyuta, munthu akajomba amaitana namwino waganyu wa bank kapena wa agency, ife kwathu tilibe zimenezo. Koma ziwiri zilibe mtengo. Choyamba kukhala pansi ndi munthu aliyense payekha, mphindi 15 zokha, kumufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, chikukuvuta n'chiyani, ukufuna kuphunzira chiyani chaka chino. Muyambe ndi onse 7 mwezi uno, ma attendant ndi okolopa omwe, kuti mayi aja asaone ngati mwasankha iwo okha. Chachiwiri handova ya SBAR, kunena vuto lilipo pano, mbiri ya wodwala, zomwe wapeza iweyo, ndi zomwe ukufuna zichitike. Imathandiza kwambiri poimbira clinician usiku, mmalo mongoti bwerani wodwala wavuta umanena BP, pulse, saturation ndi chimene ukupempha, amabwera msanga. Handovayo muzichitira pa bedi osati pa station pokha, wolowa aone yekha kanyula ndi diripi.

Kuno NMC, khonsolo ya anamwino, imafuna revalidation, kukonzanso laisensi, zaka zitatu zilizonse, maola 35 a CPD ndi kulemba zomwe waphunzira pa zochitika zisanu za pa ntchito. Kulembako poyamba ndinkakuona ngati chintchito koma kunandithandiza, usiku wanu wa Loweruka uja ulembeni, chinachitika n'chiyani, ndikanachita chiyani mosiyana. Ndipo pezani inchaji wa wodi ina amene wakhalitsa woti muzikamufunsa zinthu, musasenze nokha.


Nesi_wa_ku_Female:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo konse. Achimwene a ku Lakeshore mwanena zoona, za on call sindinaziganize n'komwe usiku umenewo, ndinkangoona ngati wodi ndi yanga ndiye vuto ndi langa. Nambala ndaisunga tsopano ndipo ndaimata pa khoma pa station.

Dzulo ndinakhala nawo pansi mayi aja mu ka ofesi. Ndinayamba monga munanenera a matron, mtima ukugunda kwambiri. Poyamba anakwiya akuti ndiye wandiitanira milandu, ndinangokhala chete, kenako anayamba kulira. Amuna awo anachita sitiroko chaka chatha, mbali imodzi siigwira, usiku amafunika wowatembenuza ndipo mwana amene amathandiza amakwanitsa masiku awiri basi chifukwa ali pa sukulu. Asisita akale ankadziwa ndipo ankawadulira ma naiti awiriawiri ndendende mmene mwanenera amayi a NMT, ine palibe anandiuza. Za lokamu anaulula okha ndisanafunse, akuti inali ya masana, ankafuna ndalama ya mankhwala ndi ya physio, pofika madzulo thupi linakana ndipo anachita manyazi kunena zoona ndiye ananamizira maliro. Ndinawauza kuti ndamva ndipo ma naiti ndiwadulira, koma chiwerengero chikhala chofanana ndi ena, ndipo akaona kuti sakwanitsa andiuze m'mawa osati 5 koloko madzulo. Za pa station zija anapepesa, inenso ndinapepesa kuti sindinafunse. A matron ndawauza mwachidule lero ndipo anangoti chabwino ndamva, uzindidziwitsa choncho.

Kope la ma request ndagula, mzere wa lokamu uli pa khoma. Koma sikuti zonse zatha, mnzanga wina amene tinali limodzi ku koleji wakwiya chifukwa pa mzerewo ali nambala 6 pomwe ankayembekeza kuti poti ndife a chaka chimodzi ndizimuganizira, chiyambire dzulo akungondiyankha mawu amodziamodzi. Komanso wina wafunsa kale kuti bwanji mayi aja ma naiti awo ndi odulidwa, ndipo sindikufuna kuulula za matenda a amuna awo popanda chilolezo chawo. Apa ndiyankhe bwanji?


Matron_Wopuma:

Musaulule asisita, nkhaniyo ndi yawo. Wofunsayo mumuonetse manambala kuti ma naiti ndi ofanana, mumuuze kuti aliyense amene ali ndi chifukwa chomveka atha kupempha kudulidwa chimodzimodzi kudzera m'kope lija, iyenso akafuna alembe. Mayiwo muwafunse ngati angakonde kuuza anzawo okha pa miting ya wodi, ena amamasuka akaona kuti inchaji ali kumbali yawo, akakana musawakakamize. Mnzanu wa ku koleji musiyeni pa nambala 6 pomwepo, mukamusuntha lero mzere wonse wafa. Mukaweruka Lachisanu mupite naye mukamwe tiyi kunja kwa chipatala, mumuuze kuti zikukuvutani ndipo mukufuna thandizo lake pa handova ya SBAR ija, poti nonse munaiphunzira atha kuyambitsa ndi iyeyo pa shifiti yake.